Dzina la pa Khadi la Nyumba

Loya anatembenuza wilu, pepala la malemu logawa katundu wawo, ngati kuti kumbuyo kwake kungakhale china. Kunalibe. Analiyala pafupi ndi khadi la nyumba ndi setifiketi ya ukwati, n'kuvula magalasi.

"Mayi, amuna anu anali ndani?"

Febbie anachotsa mwana kubere. Panali patapita masiku asanu ndi anayi chiikireni maliro. Iye ndi a Lawson, mkulu wa mpingo wochokera mudzi umodzi ndi malemu, anali atayenda maofesi atatu m'tauni, m'dziko la eni la olankhula Chishona, asanapeze loyayu, amene ankamva Chinyanja chifukwa mayi ake anali a ku Ntcheu.

"Lameki Chimtengo. Si zalembedwa pamenepo?"

"Pa wilu ndi pa setifiketi ya kutchalitchi, inde. Koma khadi la nyumba ya ku Dzivarasekwa likuti Yosiya Chimtengo. Ku fakitale ku Willowvale ankagwira ntchito Yosiya. Kalata ya imfa ikuti wamwalira ndi Yosiya."

A Lawson anatsokomola. "Bwana, nkhani yake ndi iyi. Yosiya ndi mkulu wake. Anabwera kuno kale, anadwala chifuwa, n'kubwerera ku Dedza. Chitupa anasiyira mng'ono wake kuti alowere nacho ntchito. Tonse tinkatero. Ine amene pachitupa ndine Filipe wa ku Tete, munthu woti sindinamuonepo ndi nkhope yomwe."

"Zimenezo musakazinenenso mu ofesi ina iliyonse," anatero loya. "Nanga pa wilu analemberanji dzina lake lenileni?"

A Lawson anati, "Ndinamuletsa ine. Anati pepala la imfa sanganamepo, likawerengedwanso kumwamba."

"Kumwamba mwina alilandira. Kwa Katsekera ayi."

Katsekera anali mzungu woyang'anira nyumba za kanselo, amene ankabwera ndi loko. Kalata yake inali m'thumba la Febbie: atuluke pofika kumapeto kwa mwezi.

Loya anafotokoza pang'onopang'ono. Nyumba ndi ya kanselo, munthu sangaisiyire mnzake pa wilu. Mkazi wamasiye wokhala ndi setifiketi amatha kupempha kuti asachotsedwe, ndipo nthawi zina amamumvera. Koma pamapepala Febbie anakwatiwa ndi munthu amene sanakhalepo m'nyumbamo.

"Ndiye tichite chiyani?" anafunsa Febbie. "Musandiuze zovuta, ndikuzidziwa. Ndiuzeni chochita."

"Yosiya weniweniyo akalumbire kwa DC ku Dedza, kalata ibwere kuno."

"Ibwere ndi yani? Msewu wa kwathu wodzera ku Tete anatseka. Uthenga wa maliro womwe sitikudziwa ngati wafika."

"Ndipo ikabwera, mwaulula nokha kuti amuna anu anakhala zaka khumi ndi zinayi ndi chitupa cha wina. Nthawi ino ya nkhondo, boma likamva zimenezo limaganiza za anyamata a m'tchire omenyana nalo. Adzafunsa amene ankadziwa."

A Lawson anayang'ana nsapato zawo.

"Nanga ndikati ndine mkazi wa Yosiya?"

"Setifiketi yake ili kuti?"

"Lembani ina. Makina olembera si awo?"

"Amake Tecla!" anatero a Lawson. "Ndinu mayi wa mvano inu!"

"Alamu, inu a Filipe, musandiphunzitse za bodza. Ana anga agona pa chilungamo cha bambo awo?"

Loya sanaseke. Anasonkhanitsa mapepala aja, wilu pamwamba, n'kumubwezera ndi manja awiri. Anati njinga, mipando ndi zovala palibe amene angamulande. Azitenge msanga Katsekera asanaike loko.

Pobwerera basi inaimitsidwa ndi asilikali. Amuna onse anatsika ndi zitupa m'manja. Febbie anaonera pawindo msilikali akufunsa dzina, a Lawson n'kuyankha la pachitupa mosajejema. Atakweranso, a Lawson anakhala mpando wina mpaka ku Dzivarasekwa.

Kwa Katsekera Febbie anapitako kawiri. Ulendo woyamba kalaliki anamufunsa ngati ali ndi mwana wamwamuna wogwira ntchito. Anamuonetsa wa kumbuyo, wa miyezi isanu ndi iwiri. Ulendo wachiwiri kalaliki anati banja lolowa m'nyumbamo lapezeka kale, lakhala pa mndandanda zaka zisanu ndi chimodzi.

A Lawson anapeza malo ku Epworth, kuseri kwa nyumba ya mlongo wawo Iris, pamene othawa nkhondo kumidzi ankamanga ndi mapulasitiki ndi malata akale. Madzi ndi a pachitsime. Sukulu ya Tecla, mwana woyamba, inathera pomwepo. Febbie sanalire. Anazula rape yense wa m'dimba la kuseri, ngakhale wanthete, ndipo anamasula waya woyanikira zovala chifukwa anagula yekha.

Lachisanu m'mawa lole ya kumpingo inafika. Katundu yense anakwana popanda kupanikiza. Tecla anakwera atafungatira wailesi, nafunsa m'Chishona ngati bambo akadziwa kumene asamukira. 

Febbie anabwerera kukatseka. Atakoka chitseko, chinalira, kulira kwa chitsulo chouma. Anaima. Zaka zisanu ndi zitatu m'nyumba imeneyi, Lameki ankatuluka mbandakucha kukwera njinga kupita ku Willowvale, ndipo ngakhale tsiku limodzi chitseko sichinadzutse mwana. Iye ankangoti ndi chitseko chabwino.

Anapapasa pamwamba pa felemu. Zala zinakhudza kabotolo ka mankhwala a chifuwa, kokhala ndi oilo wakuda wa kufakitale, ndi nthenga ya nkhuku yomangiriridwa ndi ulusi.

Woyendetsa lole analiza hutala.

Febbie anaviika nthenga ija, n'kupaka hinji ya pamwamba, kenako ya pansi. Anatsegula, anatseka, anatsegulanso, mpaka chitseko chinakhala chete. Kabotolo anakabwezera pamene anakapeza, nthenga ikuonekera pang'ono kuti wolowa asavutike kukafuna.