Matochi Atatu M'mitsuko

Eugénia sankakhulupirira chinthu asanachigunditse pamlomo. Kaya ndi batire, kaya ndi chipumi cha mwana wodwala, ankachiika pamlomo wam'munsi, n'kutsinzina, kenako n'kunena ngati chatentha mopitirira. Anthu a ku Malowera ankamuseka, koma mawailesi awo akafa ankawabweretsabe kwa iye.

M'mawa umenewo anagunditsa tochi ya Tiago, mwamuna wa mng'ono wake, n'kuichotsa msanga.

"Iyi sifika masana, alamu."

"Nsanje idzakuphani, alamu," anatero Tiago. "Bambo Nazário, tayesani nokha."

Nazário anali mkulu wa okumba golide kumaenje a kufupi ndi Fingoe. Sabata yapitayo tochi inamuzimira munthu wake pansi pa dzenje, ndipo munthuyo anatuluka atathyoka mkono. Tsopano Nazário anabwera pa mota, njinga yamoto, kudzafuna munthu mmodzi wokakhala kumaenjeko, azikapanga ndi kukonza matochi a anthu makumi anayi. Opanga matochi m'deralo anali awiri okha, Eugénia ndi Tiago. Eugénia, amene munda wake unali utakana zaka ziwiri zotsatizana, ankawafuna malowo ndi mtima wonse.

Kumaenje tochi amaisankha poiwalitsa m'maso mwa mnzawo. Akaphethira n'kutukwana, ndiye kuti ndi yabwino. Nazário anawalitsa ya Tiago m'maso mwa mwini wake, Tiago n'kulumpha. Atawalitsa ya Eugénia, Tiago anangotong'ola maso.

"Kandulo wa kutchalitchi," anatero. "Bambo, tizinyamuka?"

"Dikirani," anatero Eugénia. "Kodi anthu anu amatsikira pansi kukathobwana m'maso, kapena kukagwira ntchito?"

Anatsegula tochi yake n'kuonetsa kaplaka kobiriwira, kakang'ono ngati chikhadabo, kokhala pakati pa batire ndi babu la LED.

"Aka kamagawa moto pang'onopang'ono, mofanana, batire ikhale yodzaza kapena yotopa. Alamu anga amalumikiza waya mwachindunji. Babu limameza moto wonse nthawi imodzi, n'kupsa."

"Nkhani chabe," anatero Tiago.

"Ndiye tisiye nkhani. Pansi pa dzenje pamatentha bwanji, bambo?"

"Ngati mu uvuni wa njerwa."

Eugénia anatulutsa mitsuko itatu n'kuivundikira pabwalo, padzuwa la Okutobala. M'woyamba anaika tochi ya Tiago. M'iwiri inayo anaika zake: mu wachiwiri ya plaka ya m'nyali ya sola yakufa, mu wachitatu ya plaka yochotsa m'chaja ya m'galimoto. Zonse zinali zoyaka, mabatire odzaza mofanana. Anamata dothi m'mbali, n'kusiya kabowo kosuzumirira ndi mawaya awiri otulukira kunja. Mawayawo anawalumikiza ku mita yake yakale yomangidwa ndi mphira, imene inkasonyeza moto wopita ku babu.

"Musandikhulupirire ine," anauza Nazário. "Inu muzisuzumira, muziwerenganso manambala."

Ola loyamba Tiago ankaimba. Nambala ya tochi yake inali pamwamba kwambiri. Ola lachiwiri Nazário anagwada, n'kuika diso pabowo la mtsuko wa Tiago.

"Yasanduka yabuluu."

"Ndi mphamvu imeneyo, bambo," anatero Tiago.

Pasanapite nthawi mumtsukomo munatuluka fungo la pulasitiki wopsa. Nazário anasuzumiranso n'kupukusa mutu. Munali mdima.

Kenako tochi ya mumtsuko wachiwiri inayamba kuphethira, nambala ikukwera ndi kutsika.

"Ehee! Yanunso yadwala malungo!" anafuula Tiago.

Eugénia anavundukula mtsukowo, n'kugunditsa plaka ya sola pamlomo. Inamuwotcha.

"Yadwaladi. Iyi sinditsitsira nayo munthu pansi." Anaizula n'kuiponya m'chitini cha zinyalala. Anali atapanga kale matochi asanu ndi plaka yamtunduwu, ndipo panatsala mtsuko umodzi.

Dzuwa linafika pamutu, n'kupendeka. Mtsuko wachitatu sunkagwirika ndi dzanja. Nazário ankabwerera mobwerezabwereza kukawerenga nambala pa mita, mawondo a buluku atayera fumbi. Mazana atatu. Mazana atatu. Patatha maola asanu ndi limodzi, mazana atatu omwewo.

Anadzuka, n'kudzisasa.

"Anthu anga amakhala pansi maola asanu. Mayi, mota ndi iyo."

"Koma mkazi kumaenje?" anatero Tiago. "Akamuseka."

"Akaseke akuona pomwe akuponda," anayankha Nazário.

Tiago anatola tochi yake yopsa, n'kuitembenuza kangapo.

"Alamu, kaplaka kaja mumakalumikiza mbali iti?"

Eugénia anaseka mpaka kugwira m'chiuno. Anamupatsa matochi asanu aja.

"Zulani maplaka onsewo, musagulitse ngakhale imodzi. Ndikabwera pa Khirisimasi ndidzakuphunzitsani. Munda muuze mkazi wanu alime, akafuna."

Analowa m'nyumba. M'chikwama anaikamo mita, chitsulo chowotcherera mawaya, machaja asanu ndi awiri a m'galimoto, ndi zitenje ziwiri zokulungira zonsezo kuti zisasweke m'mabampu. Nsapato za kutchalitchi zinakana kulowa. Anazisiya pakhomo, n'kutseka zipi.