Funso la Amayi Limene Sindinawafunse Ashehe

Amayi anga, Abiti Saidi, ankafuna chinthu chimodzi chokha kwa mdzukulu wawo Twaibu: kuti akadzamwalira, mwanayo adzawawerengere Yasini pa sadaka yawo. Yasini ndi sura ya m'Kurani imene kwathu ku Namwera timawerengera omwalira. Ine sindinaiphunzire. Ndinathawa madirasa, sukulu yathu ya Chisilamu, ndili wamng'ono poopa mkwapulo, moti mpaka lero ndimangodziwa zoswalira basi.

Tinabwera kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya kumadzulo kwa Namitete, ine, mkazi wanga Sabina, amayi ndi Twaibu. Anansi athu ndi a CCAP, anthu abwino, koma madirasa kuno kulibe. Yapafupi ili ulendo wa maola awiri wapansi, ndipo mvula ikagwa dambo limadzaza. Choncho nditagula foni yamakono, a Hopeson, kalaliki wa pa esiteti, anandionetsa kuti masiku ano mwana amatha kuphunzira pa WhatsApp, mphunzitsi ali kutali. Msuweni wanga ananditumizira manambala awiri kuti ndisankhepo.

Woyamba anali Che Jafali, mwalimu wachikulire wa kwathu komwe. Foni yawo inali yakutha. Nkhope sitinaione, tinkangoona nsonga ya chipewa ndi denga la udzu, mbuzi zikulira kumbuyo. Anatsokomola katatu asanamalize sura imodzi. Wachiwiri anali Shehe Daudi wa m'tauni ku Lilongwe, mnyamata wophunzira kunja. Kumbuyo kwake mabuku okhaokha, mkanjo woyera mbee, ndipo atayamba kuwerenga ine thupi lonse linachita tsemwe.

Amayi anamvetsera onse awiri ali pamkeka, akusoka fodya.

"Iwe Ishmael," anatero, "wamng'onoyo mawu ali nawo. Koma umufunse kaye. Kodi pamaliro amachita sikiri? Sadaka amadya?"

Asilamufe pankhani imeneyi tili pawiri. Ife akwathu timaimba sikiri ponyamula maliro, ndipo pakatha masiku makumi anayi timaphika sadaka n'kumuwerengera womwalirayo. Ena amati zimenezo Mtumiki sanachite, maliro aziperekezedwa mwachete. Aliyense wobadwira ku Namwera amadziwa kuti posankha mwalimu funso loyamba ndi limeneli. Inenso ndinkadziwa. Koma nditaimbanso foni n'kuona mabuku aja, manyazi anandigwira. Ine tenanti wa manja akuda ndi utomoni wa fodya, ndifunse za mpunga wa pasadaka kwa munthu wophunzira chonchi? Ndinangofunsa za masiku ndi maola.

"Pali china chimene mukufuna kudziwa pa kaphunzitsidwe kanga, bambo?" anafunsa ashehe.

"Ayi, palibe."

Amayi atandifunsa, ndinawayankha ndikuyang'ana kumbali kuti ashehe ati zonse zili bwino. Anandikhulupirira.

Twaibu anayamba kuphunzira kwa Shehe Daudi ali ndi zaka khumi. Akaweruka kusukulu ankakwera pachulu kuseri kwa chigafa, pamene netiweki imagwira, n'kukhala pamenepo ndi foni mpaka dzuwa kupendeka. Ndinamuuza mosabisa: "Chimene ashehe anena, usachitsutse. Ine ndinathawa madirasa, iwe usadzakhale mbuli ngati ine." Mwanayo ndi womvera, mwina kuposa mmene ndinkafunira. Pasanathe zaka ziwiri Yasini yonse inali pamtima. Agogo ake ankamuitana pakhonde kuti awawerengere, iwo n'kumapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ine ndinkayenda modzitukumula pa esiteti yonse, mpaka a Hopeson ankandiseka kuti ndikuyenda ngati mwini munda.

Amayi anadwala chibayo mu Febuluwale, ndipo anamwalira patangotha sabata. Tinawaika tsiku lomwelo. Poimba sikiri ndinaona Twaibu ali kumbuyo, kukamwa kuli chete, koma ndinangoti ndi chisoni.

Tsiku la sadaka linakwana fodya ali m'zigafa. Abale anabwera pa minibasi kuchokera ku Namwera, motsogozedwa ndi amalume anga, Che Amidu, mlongo wawo wa amayi. Tinapha mbuzi, Sabina ndi anzake anaphika mpunga, ndipo ngakhale amayi a CCAP anabweretsa nkhuni. Amuna titakhala pamikeka pansi pa mtengo wa mango, amalume anakweza mawu.

"Mlongo wanga anandiuza pafoni kuti womuwerengera ndi mdzukulu wake. Twaibu, bwera kuno mwana wanga."

Twaibu anaimirira.

"Agogo, pepani, sindingathe. Ashehe anandiphunzitsa kuti kuwerenga pa sadaka ndi kuwonjezera zinthu m'chipembedzo. Anati malemuwo ndiziwapempherera ndekha ndikamaswali. Ndimatero tsiku lililonse."

Ine mutu unatentha. Ndinamugwira pamkono n'kumukokera kuseri kwa chigafa, dzanja lili m'mwamba kale.

"Ukundichititsa manyazi pamaso pa abale? Agogo ako anakulera ndi manja awo!"

"Ababa," anatero akulira, "ine agogo ndimawafuna. Sabata yatha ndinawapempha ashehe kuti andilole kamodzi kokha. Anati iwo sangandiletse, koma sangandiuzenso kuti n'zabwino. Anati mukanawafunsa poyamba, akanakuuzani. Inu munati ndisawatsutse. Ndiye ndimvere ndani?"

Dzanja lija linatsika lokha. Shehe Daudi sanandinamize, ndipo mwana wanga sanachite mwano. Wolakwa ndinali ine, amene ndinaopa kuoneka wakumudzi kwa mphindi imodzi yokha, n'kunamiza amayi anga amene anakalowa m'manda akukhulupirira bodza langa. Zimandiwawa mpaka lero.

Nditabwerera pamikeka, amalume anandipatsa buku la Kurani.

"Ndiye werenga iweyo, ndiwe mwana wake."

Ndinalilandira, ndinalitsegula, ndinangoyang'ana zilembo zija osazindikira ngakhale chimodzi. Amalume analitenganso. Anavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi n'kuyamba kuwerenga okha, pang'onopang'ono, akukakamira, nthawi zina kubwereza mzere kawiri chifukwa maso awo anatha. Atafika pakati anasokonezeka, n'kuima, chala chikufufuza patsamba.

Ndinacheukira kuchigafa. Twaibu anali atakhala pansi, atatsamira nsichi, misozi ili chuchuchu. Anali atadzitseka pakamwa ndi manja onse awiri kuti mawu otsatirawo asatuluke.