Kabelu ka Kumapeto kwa Mzere

Mzime anali atasankha kale asanatuluke n'komwe m'nyumba. Kiyibodi yomwe ankaifuna anali ataiyang'ana pafoni kambirimbiri mpaka ankailota: yakuda bii, timagetsi tikuyenderera pansi pa mabatani, ndipo mkati mwa batani lililonse muli kasiwichi kofiira, kofewa, kosalira. Ya magemu yeniyeni. Chala chikangoti chiganize, batani latsika kale.

Mlongo wake wamkulu, amene ankagwira ntchito kutali, ndiye anamuimbira foni zotsatira za mayeso zitatuluka.

"Ndamva kuti wakhoza, mutu waukulu iwe. Pita kushopu ya makompyuta ija ukasankhe kiyibodi, eni ake ndalankhula nawo kale. Imodzi, wamva? Usakandinyamulire shopu yonse."

M'nyumbamo laputopu inali imodzi. M'mawa inali ya amayi, omwe ankatayipira anthu zolemba zawo: ana a kukoleji, a makwaya, aliyense wobwera ndi mapepala olemba pamanja. Dzuwa likapendeka inali ya Mzime ndi gulu lake la gemu. Pagulupo panali mtsikana wina amene Mzime anali asanamuonepo nkhope. Ankangomudziwa ndi dzina la mugemu, Chiphaniphani, ndi mawu ake m'mahedifoni, mawu otsika, osekera kukhosi. Mawu amenewo Mzime anali atawamangira kale nkhope, tsitsi, ngakhale kayendedwe. Loweruka kunali mpikisano, ndipo Chiphaniphani anali atamuchenjeza: "Ukachedwanso kudumpha ngati dzana, ndikusiya adani akudye, ine sindibwerera." Mabatani a laputopu anali ophwatalala, ena omata, ndiye Mzime mlandu wonse ankaukankhira kwa iwo.

M'mawa wa tsiku lokagulalo anakhala pakhomo la pabalaza akumanga zingwe za nsapato. Amayi anali patebulo, magalasi pamphuno, zala zikuyenda pa laputopu mwakachetechete ngati mphaka pamchenga. Abambo anali pampando wawo wa pawindo, nkhope italoza kumene kumachokera kutentha kwa dzuwa. Matenda a shuga anali atawadya maso pang'onopang'ono mpaka kuwatsekera kunja konse.

"Amake mwana, muli pomwepo?"

"Ndili pompano."

Mzime anamanga nsapato inayo. Kunja kunadutsa njinga yamoto, kenako zii.

"Amake mwana?"

"Ndilipo, abambo ake."

Sipanapite nthawi.

"Kodi mwatuluka?"

"Ine nditulukire pati? Ndasanduka utsi kodi? Mwandisokoneza, taonani ndabwereza mzere womwewomwewo!"

Abambo anangopapasa kapu yawo ya tiyi pakasitulu, n'kuigwira ndi manja awiri ngati ingawathawe nayonso. Amayi anawayang'ana, kukamwa kunatseguka kuti anene kanthu kofewa, koma anangobweza maso pa laputopu. Zimenezi zinali za tsiku ndi tsiku. Abambo akadzudzulidwa ankakhala duu mpaka masana, osafunsanso, osaseka, ndipo Mzime ankaona kuti chete ameneyo ankakula sabata ndi sabata ngati mng'alu wa pakhoma.

Chonsecho anthu awiriwa anakumanitsidwa ndi phokoso. Nkhani yake Mzime anaimva mpaka kuiloweza. Abambo ali mnyamata anali mesenjala pa ofesi ina yaikulu, ntchito yawo kudikira pabenchi la m'khonde kuti atumidwe. Kuseri kwa chitseko kunali chipinda cha mataipisiti, makina akulira ngati matalala pa malata. Anthu ena ankangomva chiphokoso, koma mesenjalayo, poti analibe chochita, anayamba kusiyanitsa manja. Wina ankakhoma ngati mmisiri wa matabwa. Wina ankatsimphina. Koma panali mmodzi wothamanga mosalala, yemwe akayandikira kumapeto kwa mzere ankabweza liwiro pang'ono ngati munthu wotsika chitunda waona mtsinje, kenako kabelu ngii, chogwirira gwaa, wayambanso. "Ndinakonda manja ndisanaone nkhope," abambo ankatero. "Tsiku lomwe ndinalowa ndi mafayilo ndinangolunjika patebulo lake osafunsa munthu." Amayi ankayankha kuti bodza, mesenjalayo anapunthwa pa waya n'kumwaza mafayilo pansi, n'chifukwa chake anamuzindikira.

Makina otayipirawo amayi anabwera nawo kunyumba ofesi itagula makompyuta. Mzime anakulira pansi pa tebulo lawo. Masana ankagona pamenepo pakampasa, mutu pafupi ndi mapazi a amayi, fungo la liboni ndi mapepala a kaboni lili m'mphuno, matalala akugwa pamwamba pake. Tsopano makinawo anali pamwamba pa wadirobu, atakutidwa ndi nsalu. Maliboni anasowa m'mashopu, komanso makasitomala ankafuna zolemba zawo zitumizidwe pafoni. Chomwe chinatsala ndi dzanja lamanzere la amayi, lomwe mpaka lero likafika kumapeto kwa mzere linkauluka lokha kukakankha chogwirira chomwe kulibe. Makapu angapo anathera pamenepo. "Dzanja ili ndi gonthi," ankatero akukolopa tiyi.

Mzime anatuluka mothamanga. Sankafuna kuganiza za zimenezo, ankafuna kiyibodi yake.

Shopuyo inali yopanikizana, makatoni mpaka kudenga, fani ikupukusa mutu pakona. Wogulitsa anali bambo wamimba, wa ndevu zoyamba imvi, cholembera kukhutu.

"Ndiwe mlongo wake wa achemwali aja? Wokhoza mayeso? Khala apa, bwana wamawa. Ukufuna yotani?"

"Yofiira. Ya magemu."

"Ee, sunapereke n'komwe moni, wayamba ndi mtundu! Anyamata inu mumabadwa mukuthamanga."

Anatulutsa makiyibodi atatu n'kuwandandalika pagalasi. Anazula batani limodzi pa iliyonse kuti Mzime aone timasiwichi ta mkati: kofiira, kabulauni, kabuluu.

Mzime anaika zala pa yofiira ija. Mabatani ankatsika ngati akulowa m'mafuta, osakana, osadandaula. Anadziona kale Loweruka akudumpha mpanda adani asanaphethire, Chiphaniphani akuseka m'khutu mwake, akuti, eee, lero wadya chiyani?

"Imeneyi basi. Ikulungeni."

Wogulitsa anatembenuka kukafuna katoni yake. Podikira, poti manja a Mzime sankadziwa kukhala, chala chake chinagwera pa kiyibodi ya kumapeto, ya siwichi yabuluu.

Tcha!

Anadzidzimuka. Anadinanso. Tcha, tcha. Batani linkakana kaye pang'ono, kenako n'kulola ndi kaphokoso kouma, kowala. Anaika manja onse n'kutayipa chilichonse chobwera m'mutu, ndipo mwadzidzidzi shopu ija inachoka. Anali pansi pa tebulo, tsaya pampasa, akuyang'ana zidendene za amayi, abambo ali pakhomo ndi maso awo onse awiri, akuvula chipewa, akuti tamverani mvula ya m'nyumba mwanga.

"Iyayi, iyayi, chotsapo manja," anatero wogulitsa akubwera ndi katoni. "Imeneyo ndi yothetsa mabanja. Wina anaibweza kuno mkazi wake atamuuza kuti sankhani, ine kapena kiyibodi. Ndi ya anthu otayipa imeneyo. Pa gemu ikuchedwetsa ukamadina batani lomwelomwelo mothamanga, ndiye anzako pa maiki azingomva ngati ukukazinga chimanga."

"Nanga yabulauniyi?"

"Imeneyo ndi mkhalapakati. Kutayipa imatha, gemu imatha, phokoso pang'ono. Anthu anzeru amatenga imeneyo."

Mzime anaiyesa. Inali bwino ndithu. Inkangong'ung'udza chapansipansi. Mtima wake unaigwira msanga: nayi njira yokondweretsa onse, atenge azipita. Koma anakumbukira kutalika kwa pabalaza, kuchokera patebulo la amayi kukafika pawindo, ndi njinga zamoto zodutsa kunja.

"Achimwene, ndithandizeni. Ine ndikaima pakhomo apo nditatsinzina. Inu mutayipe pa yabulauni, kenako pa yabuluu."

"Utsinzine? Kodi wabwera kudzagula kapena kudzapemphera?"

"Chonde."

Anakaima pakhomo, nsana kushopu, n'kutseka maso. Mdima unamudabwitsa. Munali mahutala, munthu wokuwa kuitanira minibasi, wailesi ya shopu yoyandikana, fani ija. Za wogulitsa sanamve kanthu. Sakanadziwa ngati bamboyo akadali kuseri kwa galasi kapena watulukira khomo lakumbuyo n'kumusiya yekha. Anangoona pakamwa pake patseguka.

"Mwayamba? Muli pomwepo?"

"Ndayamba kalekale, zala zatopa!"

Mzime anawazindikira mawu amene anangotuluka m'kamwa mwakewo: anali a abambo ake.

Kenako, kudutsa mahutala ndi wailesi, zinamveka: tcha tcha tcha, tchatchatcha. Zoonekeratu ngati nyali. Munthu alipo, ali apo, kumanzere pang'ono.

Anabwerera pagalasi. Anayang'ana yofiira ija nthawi yaitali, timagetsi take tikuyenderera. Anaganiza za Loweruka, za mawu otsika aja akuti ndikusiya.

"Ndipatseni yothetsa mabanjayo."

"Ukadzalira usadzanditchule," anatero wogulitsa akusintha katoni.

Atafika kunyumba anapeza amayi ali kukhitchini, abambo ali pomwe anawasiya. Analumikiza kiyibodiyo ku laputopu, n'kusuntha kapu ya amayi kuichotsa kumanzere kupita nayo kumanja. Kenako anatayipa mzere umodzi.

Mutu wa abambo unadzuka.

"Ndani ameneyo akuponda mabatani ngati nkhuku padenga?"

"Ndine, ababa."

"Ndadziwa. Manja a chimanga chokazinga. Watenga kuti makina?"

Amayi anatulukira akupukuta manja. Anayang'ana kiyibodiyo, kenako mwana wawo.

"Si ya magemu ako imeneyi? Ine zamagetsimagetsi izi ayi, ndingakuthyolere."

"Siithyoka, amama. Imafuna kumenyedwa. Tangoyesani, pepala lija simunamalize."

Anakhala pampando monyinyirika, n'kukonza magalasi. Zala zinafufuza malo ake, zinapeza. Mawu oyamba anatuluka mwamanyazi. Kenako batani lija litawakana pang'ono n'kuwalola, mapewa a amayi anawongoka okha, zigongono zinakwera, ndipo matalala anayamba kugwa m'nyumbamo, osalala, othamanga, enieni aja.

Abambo anaika kapu pakasitulu mosamala, n'kutulutsamo kasupuni. Nkhope yawo inali itachoka kuwindo, italunjika ndendende patebulo. Mzime anawaona akupendeketsa mutu ngati munthu wa pabenchi la m'khonde. Liwiro la amayi linakwera, linakwera, kenako linabwerera pang'ono ngati munthu wotsika chitunda waona mtsinje.

Ngii!

Kasupuni kanagunda kapu. Dzanja lamanzere la amayi linauluka lokha n'kukankha mphepo. Anaima, dzanja lili m'malere, akuyang'ana amuna awo.

"Mwachedwa nalo belu, a mesenjala."

"Inu ndi amene mwayamba kuthamanga, a taipisiti. Kale simunkatero."

"Kale munali ndi ntchito, simunkangokhalira kumvetsera atsikana."

"Ntchito yanga inali yomweyo. Tayipani, mzere ukuzizira."

Amayi anapukuta magalasi ndi m'mphepete mwa bulauzi, n'kuyambanso. Tsiku limenelo mpaka pepala lomaliza, funso lija silinamveke.

Loweruka masana Mzime anachedwa kudumpha, monga momwe wogulitsa ananenera. Adani anamudya pampanda pomwepo, gulu lawo linatuluka mumpikisano msanga, ndipo anyamata anamugwera.

"Kwanu kukugwa matalala kodi? Tazimitsa maiki, aise, makutu atha!"

"Kuyambira lero dzina lako ndi Matalala!"

Anatuluka mmodzimmodzi akuseka, mpaka m'mahedifoni munatsala kupuma kwa munthu mmodzi.

"Unkalonjeza yofiira," anatero Chiphaniphani. "Chinachitika n'chiyani?"

Mzime anafuna kunama kuti zinatha kushopu. Koma anangoyamba kufotokoza, mothamanga, mosokoneza: za benchi la m'khonde, za maso a abambo, za kasupuni. Atamaliza kunali zii, ndipo anadziwa kuti wadzichotsa ulemu, mtsikanayo wapita.

"Ulipo?" anafunsa.

"Ndilipo." Kenako kaseko kaja ka kukhosi. "Kudumpha sumatha, Matalala, zimenezo tisanamizane. Koma maiki usazimitse. Mawa nthawi yomweyi."

Mzime anavula mahedifoni makutu akutentha. Kuchokera pawindo abambo anakhosomola.

"Wamaliza kukazinga? Apatse malo amayi ako. Belu lakonzeka kale kuno."