Pepala la Eliness

Kutatsala masabata awiri kuti chinkhoswe chichitike, a Augustine, malume ake a Stafford, anatsika kabaza ku Fort Lister atanyamula pepala. Stafford ankabwera pambuyo pawo ngati mbuzi yopita kumsika.

Eliness analizindikira pepalalo lisanatambasulidwe. Linali lake. Ankalisunga m'buku lake la kuchipatala, lomwe analiiwala kwa Belita, mchemwali wa Stafford, tsiku lomwe anakalukitsa tsitsi. Amene analemba pepalalo ndi mayi wina wolangiza za maganizo, kumsasa kuja, napolo atatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola nyumba yawo pamodzi ndi amayi ake.

“Palembedwa kuti simugona mvula ikamagwa,” anatero a Augustine, chala chili pachidindo. “Akuti mumamva miyala ikugubuduka. Ife kwathu kulibe misala, mayi. Musadzatiberekere ana obwebweta.”

Mtima wa Eliness unawira. Mawu amenewo anawalavula akulira, atalonjezedwa kuti ndi a chithandizo chake basi. Pepalalo ndi lomwe linachititsa kuti aphunzitsi amulole kupumula mayeso ali mkati, mpaka anakhoza Fomu 4. Lero ladutsa m'manja mwa Belita, mwa akazi a pamjigo, mwa bambo awa a jekete yonunkha fodya!

“Mwawerenga mpaka pansi, malume?”

“Chidindo chikukwanira.”

“Pansi pake akuti ndikuchira bwino, ndine wamaganizo abwinobwino. Chizungu chakukanikani kapena mwachita dala?”

“Ukuona mwano wake, Stafford?”

Eliness anatembenukira mnyamatayo. Uyu ndiye ankamudikirira panja pa tenti ya mlangizi. Uyu ndiye anamuuza, pansi pa mtengo wa mbawa, kuti adzamangira kutali ndi mtsinje, kuti mvula izidzangokhala nyimbo padenga.

“Iwe Stafford, tinadziwana kuti?”

“Kumsasa,” anayankha chapansipansi.

“Pamzere wanji? Wa ufa?”

Eliness anamuyandikira.

“Unali patsogolo panga pamzere wa mlangizi yemweyo! Unatuluka ndi pepala ngati ili. Lako lili kuti?”

A Augustine anatong'ola maso. Stafford anayang'ana nsapato zake.

“Ndinalitentha,” anatero. “Mwamuna sayenda ndi zoterozo. Eli, ungopepesa kwa malume, nkhaniyi ithe.”

“Ndipepese kuti amayi anga anakwiriridwa ndi matope?”

Analanda pepalalo m'manja mwa mkuluyo, ngodya n'kung'ambika. Analiwongola pantchafu mosamala, n'kulipinda momwe linalili. Kenako analowa m'nyumba ya azakhali ake, natuluka ndi nsalu ya chinkhoswe, yobiriwira ija anasankha awiriwo ku Boma, naiponya pachifuwa pa Stafford.

“Katenthenso iyi.”

Kumwamba kwa Michesi mitambo inali itayamba kuda. Manja a Eliness ananjenjemera monga mwa nthawi zonse, koma sanawabise.