Besi ya Malemu Mphepo

Lemani anajambula kwaya ya ku Simlemba m'chigafa cha fodya, osati m'tchalitchi. Malata a tchalitchi ankabweza mawu, pomwe fodya wolendewera uja ankawameza bwinobwino. Patangotha masabata atatu, bambo Mphepo, amene ankaimba besi okha m'kwayamo, anamwalira. Fodya naye anapita ku okushoni, chigafa n'kutsala mitengo yokhayokha. Zojambulanso panalibe.

Pofuna kuti ntchito ituluke yapamwamba, Lemani anakagula mahedifoni atsopano ku Nkhamenya, ofiira, aakulu ngati mbale. Wogulitsa anati, "Awa akagunda besi, mano amachita kugwedera." Ankagundadi. Posakaniza mawu pa laputopu, besi ya malemu inkaphimba aliyense, ndiye Lemani anaitsitsa, n'kuitsitsanso, mpaka m'makutu mwake zinakhala bwino.

Lachisanu m'mawa anayesa nyimboyo pa sipika ya tchalitchi. Amayi onse ankamveka, a tenala ankamveka. Bambo Mphepo zii. Ndiye paja mayi Dyna, akazi a malemu, anali atatumiza kale uthenga kuti abwera masana kudzamva amuna awo.

"Ndawafufuta, aise," Lemani anauza Raymond, mnzake amene anagwirapo ntchito pa wailesi ina ku boma. "Munthu wamwalira kawiri chifukwa cha ine."

Raymond anavala ofiira aja n'kuwavula msangamsanga.

"Awatu ndi ovinira, si ogwirira ntchito. Amanama awa. Amakupatsa besi yoti kulibe, iwe n'kumatsitsa yeniyeni." Anatulutsa m'chikwama mahedifoni ake akalekale, omanga ndi tepi wakuda. "Yamba waika nyimbo imene umaidziwa bwino. Ikamveka mmene umaidziwira, uwakhulupirire."

Lemani anatero. Nyimboyo inamveka youma, yosakometsera, koma chilichonse chili pamalo pake. Kenako anatsegula ya kwaya ija. Pansi penipeni, ngati munthu woyankhula kuseri kwa khoma, bambo Mphepo analipo. Anawakweza pang'onopang'ono, akumvera m'makutu, kenako pa sipika, kenako pa kafoni ka Raymond kosweka galasi, n'kubwereranso m'makutu. Kachitatu, ankamveka ponseponse.

Mayi Dyna anafika dzuwa litapendeka, fumbi lili mbuu kumapazi. Duku anakana kuvula, mahedifoni anangowakhazika pamwamba pake. Nyimbo ija inayamba. Lemani ankangoyang'ana pansi, akuwerenga nyerere.

"Ndi iwowo!" anatero mayiwo mokuwa, poti sankadzimva okha. "Mwawamva? Alowa mochedwa pa Aleluya. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuwauza bambo amenewa."

Raymond anaseka mpaka kutsamira khoma. Lemani anapumira m'mwamba.

"Pamenepo ndikhoza kukonza, amayi. Ndingowasuntha pang'ono, alowa limodzi ndi anzawo."

Mayi Dyna anakweza mbali imodzi ya mahedifoni, n'kumuyang'ana.

"Mukonze chiyani? Asiyeni achedwe choncho. Yewo, a Lemani, zikomo. Bwezeraninso poyamba paja."