Dzina la Coy pa Pepala la Msonkho

"Aboma abweza pepala lanu," anatero Mayi Lorene Tackett, amene ankalembera anthu mapepala a msonkho kuseri kwa sitolo ya matayala. Anatembenuza kompyuta kuti Bambo Delmer aone.

Bambo Delmer sanayang'ane n'komwe. Makina sankawakhulupirira.

"Mwaphonya nambala inuyo."

"Zaka zonsezi ndikukulemberani, ndiphonye lero? Nkhani ndi Coy. Mwati ndimulembe kuti ndi mwana amene mukumudyetsa, kuti akuchotsereni madola mazana asanu pa msonkho."

"Si mwana wanga kodi?"

"Ndi wanu, mphuno yake ndi yomweyo, liuma lakenso. Koma ali ndi zaka makumi awiri. Chilowereni usilikali mu Malichi akudya za boma, akugona kwa boma, akulandira malipiro. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, bambo."

"Boma ndi mbava. Linali kuti ndikamamugulira nsapato? Latenga mwana, likufunanso madola mazana asanu anga."

Mayi Lorene anavula magalasi.

"Sikuti boma langokana lokha. Limabweza chonchi mwana akatumiza kale pepala lake. Pamakhala funso loti, kodi alipo amene angakulembe kuti umadalira iye? Coy wayankha kuti palibe."

Tsiku limene Coy ananyamula chikwama, Bambo Delmer anaima pakhomo n'kumuuza kuti akapita asadzabwerenso. Mwanayo anamvera. Miyezi khumi ndi umodzi inali itatha, opanda foni, opanda kalata. Chimwalirireni mayi ake, pepalali lokha ndi limene linkaika maina awo awiri pamodzi chaka ndi chaka.

"Palibe," anabwereza Bambo Delmer. "Walemba yekha, ndi dzanja lake?"

"Muimbireni mumufunse. Mwina anangodina mothamanga."

"Nambala yake ndilibe."

Mayi Lorene anasanja mapepala amene anali osanjika kale.

"Njira ina ilipo. Titumize pa positi, dzina lake lili pomwepo. Koma boma lidzalembera nonse awiri, aliyense apereke umboni."

"Kalatayo idzamupeza kumsasa wa asilikali kuja?"

"Idzamupeza."

"Adzamuvutitsa nayo?"

"Mafunso sadzalephera. Ndalama zakenso zikhoza kuchedwa."

Bambo Delmer anapotokola chipewa m'manja kwa nthawi yaitali. Panja wina ankamasula tayala.

"Fufutani," anatero.

Mayi Lorene anadina kamodzi, dzina linachoka. Anatumizanso. Boma linalandira pepalalo popanda funso lililonse.