Dzino Limene Mpongozi Anamata

A Telala sankakhulupirira munthu wogwira ntchito ataphimba pakamwa, ndipo mpongozi wawo, dokotala wa mano, ankaphimba pakamwa tsiku lonse. Chikwatiwire mkaziyu ndi mwana wawo wamwamuna, mayiwa ankamuyang'ana ndi diso la nkhwezule. Ankati ulemu wake ndi wochuluka mokayikitsa.

Koma dzino likavuta silifunsa kuti unayambana ndi ndani. Dzino lawo lotafunira, lokhalo limene linatsala m'kamwamo loti n'kuswa fupa, linabooka n'kuyamba kuwawa mpaka kukhutu. Anapirira, anakalipira makasitomala, anasoka thumba la malaya chadodolido. Pamapeto pake anakagona pa mpando wopendekeka wa kuchipatala kwa mpongozi wawoyo, nyale ikuwathobwa m'maso.

"Zula," anatero.

"Amayi, limeneli likachoka muzitafunira chiyani? Ndilimata. Kuli phala lina loti likauma limakhala likutulutsa mankhwala pang'onopang'ono, dzino n'kumamwa. Pamene panafooka pamalimbanso."

"Mankhwala? M'kamwa mwangamu? Mpaka liti?"

"Kwa nthawi yaitali ndithu, amayi. Simuzimva n'komwe."

Mawu akuti simuzimva n'komwewo anawasunga mumtima.

Dzino linapola. Tulo tinayamba kubwera, chakudya chinayamba kukoma. Tsiku lina ali kunyumba kwa mwana wawo anangodzimva akuyamikira makatani amene mpongoziyo anagula kusitolo. Makatani ogula, telala alipo pabanjapo! Pasanapite nthawi anamusokera diresi popanda wowapempha.

Akulu awo, amene ankakonda kudzakhala pa benchi ya makasitomala kushopuko kuti azionera za eni, ndi amene anaziona msanga.

"Iwe, unayamba liti kuseka ndi mkazi uja?"

"Ndikuseka ine?"

"Mano onse pamtunda. Anakuika chiyani m'kamwamo?"

A Telala anafotokoza. Akulu aja anaomba m'manja kamodzi.

"Mankhwala otuluka pang'onopang'ono! Si wadzinenera yekha apa? Mwana wako anamudyetsa kale mankhwala achikondi. Tsopano iwe wakamugonera wekha pampando, kukamwa kuli yasa."

Kuyambira pamenepo lilime la a Telala silinapumenso, linkangopita pa dzino lija. Malovu ankawamva ngati asintha kakomedwe. Mpongozi akaimba foni kufunsa mmene adzukira, iwo n'kumva mtima ukufewa, ankathamangira pakhomo kukalavula. Anachita mantha enieni, mantha oti munthu wina akuwasintha m'kati iwo ali maso.

Masana ena makasitomala atachepa, anatseka chitseko n'kuima pa galasi loyesera zovala, singano yosokera majinzi ili m'manja. Phala lija linali litagwira ngati mwala. Anatokosa mpaka singano inathyoka, ndiye anatenga kasizasi kodulira ulusi. Kenako kunamveka kuti thwa! Kachidutswa koyera kanagwera pa tebulo lodulirapo nsalu, ululu n'kubwerera wonse. Madzulo ake anamukalipira mpongozi pafoni popanda chifukwa, ndipo anakondwa kuti abwerera mwakale.

Tsaya litatupa anakwera basi kupita kwa dokotala wina, bambo wosawadziwa, poti ankafuna mboni. Anamupatsa kachidutswa kaja atakakulunga m'kansalu.

"Mundiuze zoona, adokotala. Muli chiyani umu?"

Bamboyo anakatembenuza pansi pa nyale. "Ili ndi phala lomatira mano, labwino ndithu. Koma theka lakeli ndi dzino lanu, mayi. Taonani mmene zinagwiranirana. Dzinoli linali litayamba kulimba. Wachotsa ndani?"

"Changogwa chokha."

"Zokandikakandikazi zangobweranso zokha? Lang'aluka mpaka ku muzu. Apa n'kuzula basi."

Anabwerera kushopu ataluma thonje. Sanakhalitse, chitseko chinatseguka, n'kulowa mpongozi atavala diresi lija. Ankati adzapepese, ngakhale sankadziwa chimene analakwa. Anayang'ana tsaya, anayang'ana thonje, anayang'ana kasizasi kopindika nsonga pa tebulo. Dokotala wa mano sangalephere kuwerenga zimenezo. Nkhope yake inagwa, koma sanafunse kanthu.

Anasamba m'manja pa mpope wa kuseri, n'kunyowetsa chidutswa cha nsalu ndi madzi ozizira, n'kuwagwiritsa patsaya. A Telala anadzuka kuti apite pakhomo.

"Musalavule, amayi, magazi angayambirenso. Ingomezani." Mpongoziyo anawakhazikanso pansi. "Mukanandiimbira foni, ndikanakuperekezani. Simunayenere kukwera basi nokha muli chonchi."

A Telala anameza. Mtima unafewa kuposa masiku onse aja, mpaka misozi inatsikira pa nsalu yonyowayo. Lilime linapita lokha pamalo paja kukafuna choti anamizire, koma munalibe phala, munalibe dzino, munangotsala dzenje.